Malovu Ogula

Pa tchuthi chapitachi ndinakacheza kwa agogo anga ku Mitundu. Ndinawapeza akulephera kumeza nsima popanda kumwera madzi, pakuti m'kamwa mwao munali mouma. Iwo anali kudya maswiti kuti malovu abwere, koma mano ao ndiwo anayamba kubooka.

Titapita kuchipatala, adokotala anati chaumitsa m'kamwa ndi mankhwala amene agogo amamwa a kuthamanga kwa magazi. Ukalamba ndi matenda a shuga nazonso zimathandizira.

Kodi anzanga, mudziwa kuti munthu amapanga malovu okwana ngati lita 1 pa tsiku? Amachokera m'tiziwalo tikulutikulu 6: pafupi ndi makutu, kunsi kwa nsagwada ndi kunsi kwa lilime. Malovu amafewetsa chakudya, amayamba kugaya nsima isanafike m'mimba, ndiponso amatsuka asidi amene amadya mano.

Tsono alipo malovu opangidwa ndi anthu, amene amagulitsidwa m'timabotolo. Ndi madzi osakaniza ndi timchere ndi mankhwala ena owachititsa kuterera ngati therere. Munthu amawapopera m'kamwa, makamaka pogona. Koma sachiritsa ai. Amangonyowetsa kanthawi, ndipo sagaya chakudya.

Agogo anauzidwa kuti asaleke okha mankhwala ao, koma azimwa madzi pang'onopang'ono, aleke maswiti ndi fodya, ndipo azitsuka mano kawiri pa tsiku. Tsopano botolo la madzi silichoka pambali pao. Ine ndabwerera ku Likuni ndikulemekeza malovu amene tingolavula pabwalo.