Makina a proton ndi khansa ya m'diso: mmene odwala amathandizidwira ku Britain

Kuno ku Britain, kumene Amalawi ambiri akugwira ntchito za unamwino ndi zosamalira okalamba, munthu amene wapezeka ndi khansa mkati mwa diso sachotsedwa diso nthawi zonse, chifukwa pali njira yowotchera chotupacho ndi cheza cha tinthu ting'onoting'ono totchedwa ma proton. Mbiri ya makinawa ikamafika kumudzi, kaya ku Mbombwe kapena dera lina la Chiradzulu, imafika yopindika, moti abale ena amaganiza kuti aliyense amene diso likumuvuta angachire atangopeza tikiti ya ndege. Maganizo amenewa amachedwetsa odwala amene akanathandizidwa ku Blantyre, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kulongosola chimene makinawa amachita komanso njira imene wodwala amadutsa asanawafike.

Proton ndi kachigawo ka atomu, ndipo atomu ndi kanthu kakang'ono kwambiri kamene kamapanga zinthu zonse zooneka. Cheza cha ekisire chimene zipatala zambiri zimawotchera khansa chimalowa m'thupi, n'kudutsa chotupa, n'kupitirira mpaka kutulukira mbali ina, ndipo m'njira monsemo chimavulaza minofu yabwino. Ma proton amasiyana nacho chifukwa amatulutsa mphamvu yawo yambiri kumapeto kwa ulendo wawo n'kuimira pomwepo, choncho akatswiri amatha kuwerengera kuti akaimire pachotupa penipeni, osakhudza kwambiri mtsempha woonera kapena ubongo umene uli kuseri kwa diso. Robert Wilson wa ku America ndiye analemba za njirayi mu 1946, ndipo madokotala a ku Boston anayamba kuthandiza nayo odwala khansa ya m'diso mu 1975. Ku Britain ntchitoyi inayamba mu 1989 pa chipatala cha Clatterbridge, pafupi ndi Liverpool, pomwe pali makina ozunguza ma proton mpaka atapeza liwiro lolowera m'thupi pafupifupi masentimita 3, kuya kumene kuli kokwanira diso koma kosafika ziwalo zamkati. Makina amphamvu kuposa amenewa, ofika mu ubongo ndi mumsana, anatsegulidwa ku Manchester mu 2018 ndi ku London mu 2021.

Palibe wodwala amene amangodzukira ku Clatterbridge. Zipatala za boma za kuno zili pansi pa bungwe la NHS, limene linakhazikitsidwa mu 1948 ndipo limayendetsedwa ndi ndalama za misonkho, ndipo munthu aliyense amalembetsa kwa dokotala wa m'dera lake, wotchedwa GP, amene amakhala khomo lolowera ku chithandizo china chambiri. Zotupa zambiri za m'diso zimaonedwa koyamba ndi anthu oyeza maso m'masitolo ogulitsa magalasi, nthawi zina mwiniwake asakumva ululu uliwonse, ndipo iwo amalemba kalata yomutumiza ku chipatala cha maso. Madokotala a kumeneko akakayikira khansa amamutumizanso ku amodzi mwa malo anayi okha amene anapatsidwa udindo woona zotupa za m'maso mwa akuluakulu, omwe ndi Liverpool, London, Sheffield ndi Glasgow. Nzeru yaikulu yagona pamenepa, osati pa makina ayi: nthenda yosowa ikasonkhanitsidwa m'manja mwa madokotala ochepa, iwo amaiona sabata iliyonse n'kuizolowera, pamene ikanamwazikana m'zipatala zonse dokotala aliyense akanakumana nayo kamodzikamodzi. Ku England boma linaikanso malire akuti woganiziridwa khansa azidziwa zotsatira pasanathe masiku 28, ngakhale kuti zipatala sizikwanitsa malirewa kwa odwala onse.

Akatswiriwo ndi amene amasankha njira. Chotupa chaching'ono chingawotchedwe ndi kachitsulo kotulutsa cheza kamene amakasokerera kunja kwa diso kwa masiku angapo, chachikulu kwambiri chimachititsa kuti diso lichotsedwe, ndipo ma proton amasungidwira makamaka zotupa zokhala pafupi ndi mtsempha woonera kapena zimene kachitsulo kaja sikangazifike bwino.

Wodwala amene wasankhidwira ma proton amayamba wachitidwa opareshoni yosokerera timabatani ta chitsulo chotchedwa tantalum kunja kwa diso, mozungulira chotupa, kuti tizioneka pa ekisire ndi kusonyeza malire ake. Kenako amapita ku Clatterbridge kukayezedwa, ndipo kumeneko amamuumbira chigoba chogwira nkhope komanso choluma chogwirizana ndi mano ake, kuti mutu usasunthe ngakhale pang'ono. Kompyuta imajambula diso lonse n'kuwerengera mbali imene wodwalayo ayenera kuyang'ana, ndipo amisiri amasema kachitsulo kokhala ndi bowo lofanana ndi chotupacho, kuti cheza chidutse pokhapo. Sabata ya chithandizo ikafika, wodwala amakhala pampando, nkhope ili m'chigoba, zikope zitakokedwa ndi tizitsulo, mankhwala ochititsa dzanzi atadonthezedwa m'diso, ndipo amauzidwa kuti apenyetsetse kanyale kofiira osayang'ana kumbali. Kukonzekera kumatenga nthawi ndithu, koma kuwotcha kwenikweniko sikupitirira mphindi imodzi, sikupweteka, ndipo kumabwerezedwa kwa masiku anayi otsatizana, wodwala osagonekedwa m'chipatala.

Mwa odwala 10 alionse, oposa 9 chotupa chawo chimaleka kukula, koma kupulumutsa diso sikutanthauza kuti lizionanso monga kale. Ena tsitsi la m'zikope limathothoka, ena amachita ng'ala, ena diso limayamba kuona mwachimbuuzi pakapita miyezi kapena zaka, ndipo ochepa amadzachotsedwabe disolo. Choopsa kwambiri n'chakuti khansa yamtunduwu, yotchedwa melanoma ya m'diso, imakonda kufalikira ku chiwindi, choncho amene ali pachiopsezo amaunikidwa chiwindi kawirikawiri kwa zaka zambiri.

Nkhani ya ndalama ndi imene abale a kumudzi saimvetsa kwenikweni. Mmalawi wobwera ndi viza ya maphunziro kapena ya ntchito zina amalipiriratu ndalama ya zaumoyo, imene kuyambira mu February 2024 ndi mapaundi 1,035 pachaka kwa wamkulu ndi 776 kwa wophunzira, ngakhale kuti obwera pa viza ya ntchito za chipatala ndi zosamalira anthu sailipira. Akatero amathandizidwa monga nzika, ndipo salipira kanthu pa makinawa. Mlendo wobwera kudzacheza alibe mwayi umenewu, chifukwa ku England chipatala chimamulipiritsa mtengo wonse n'kuwonjezerapo theka lake, ndipo ngongole yotere ikapanda kubwezedwa ingamutsekere viza mtsogolo. Mwana amene ali ku Britain akanena kuti sangathe kuitanitsa mayi ake kudzachira, si kuti wawataya.

Chinanso n'chakuti melanoma ya m'diso imagwira kwambiri azungu, makamaka a maso otuwa, ndipo mwa anthu akuda ndi yosowa zedi. Khansa za m'maso zimene zimasautsa Amalawi ndi zina. Yoyamba imamera pamwamba, pa mbali yoyera ya diso, ngati kanyama koyererako kapena kofiirira kamene kamakula pang'onopang'ono, ndipo imayenderana ndi dzuwa lamphamvu komanso kachilombo ka HIV, nkhani imene anthu a ku Chiradzulu amaidziwa bwino popeza bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2001. Kanyamaka kakapezeka kadakali kakang'ono kamachotsedwa ndi opareshoni yaifupi, diso n'kutsala, koma kakalekereredwa kamadya diso lonse mpaka kulowa m'mafupa ozungulira. Yachiwiri ndi retinoblastoma, khansa ya ana osakwana zaka 5, imene imadziwika ndi kuwala koyera pakati pa diso la mwana, ngati diso la mphaka likawalitsidwa usiku, kapena ndi diso kuyamba kuyang'ana kumbali. Ku Britain pafupifupi ana onse odwala nthendayi amapulumuka, pamene m'mayiko ambiri a mu Africa ana ochuluka amamwalira, makamaka chifukwa amafika kuchipatala diso litatupa kale n'kutuluka kunja.

Mbombwe ndi malo amene anazolowera kulandira nzeru za chipatala kuchokera kutsidya kwa nyanja, chifukwa Dr Daniel Malikebu, amene anaphunzira udokotala ku Meharry Medical College ku America, anabwerera mu 1926 kudzatsegulanso Providence Industrial Mission imene John Chilembwe anayambitsa mu 1900. Chimene Amalawi okhala kunja angatumize kumeneko lero, kuposa mbiri ya makina, ndi ndalama yoyendera komanso mawu okakamiza wodwala kunyamuka msanga. Njira yotumizira odwala ilipo kale: kuchokera ku chipatala chaching'ono kupita ku chipatala cha boma cha Chiradzulu, ndipo kuchoka apo kupita ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Kholo limene laona kuwala koyera m'diso la mwana, kapena wamkulu amene waona kanyama kakukula pa diso lake, asathiremo mankhwala azitsamba kapena kudikira kuti m'bale wa ku Britain ayankhe foni, koma apite kuchipatala sabata yomweyo.