MUSANAGULE PULINTA YA KAUNJIKA, YAMBANI MWAWERENGA MANO AKE

Mukamatsika zitunda kuchokera ku Blantyre, mukangowoloka mlatho wa Kamuzu mwayandikira dera la mfumu Katunga ku Chikwawa. Ambiri sadziwa kuti kale pamenepa panali doko. Sitima za African Lakes Company, kampani ya a Mandala imene inayamba mu 1878, zinkaima kwa Katunga poti kumtunda kuli mathithi a Kapichira. Katundu ankatsitsidwa pamenepo, amtengatenga n'kusenza ulendo wa ku Blantyre.

Nayonso kompyuta ili ndi madoko ake, azungu amati port, polowera ndi kutulukira uthenga. Ndipo madoko amenewa akudyetsa anthu ndalama. Munthu wamalonda wochokera kwa Katunga kaya ku Nchalo amakwera minibasi, n'kukagula m'tauni pulinta yakale yolembera malisiti kapena sikelo yamagetsi yoyezera thonje ndi mapira. Kufika kwawo, chingwe chikukana kulowa pa laputopu. Ndalama yapita, ya thiransipoti yapitanso, wogulitsa akuti katundu sabwezedwa. Safunsa anadya phula, abale.

Nkhani yake ili motere. Makina akale ali ndi madoko a mitundu iwiri. Loyamba ndi serial, limene lamulo lake la RS-232 linakhazikitsidwa ku America mu 1960. Apa uthenga umayenda kachidutswa kamodzi kamodzi, ngati amtengatenga aja atandondozana m'kanjira kokwera phiri. Pa kompyuta doko limeneli limakhala lalimuna, la mano 9 m'mizere iwiri, ngakhale makina akale kwambiri anali ndi mano 25. Kompyuta imalitchula COM1 kapena COM2. Masikelo, ma modem ndi tina timakina ta malisiti timadzera pamenepa, ndipo chingwe chake chitha kufika mamita 15.

Lachiwiri ndi parallel. Apa tizidutswa 8 timayenda limodzi m'nthambo zisanu ndi zitatu, ngati anthu oyenda mogundana mapewa pamsewu waukulu. Doko limeneli ndi lalikazi, la mabowo 25, ndipo IBM inaliika pa kompyuta yake ya mu 1981. Dzina lake ndi LPT1. Mbali ya ku pulinta chingwe chimakhala ndi mutu waukulu wa Centronics wa mano 36, womangidwa ndi timawaya tiwiri. Chingwe chimenechi sichifuna kutalika.

Chenjerani ndi doko la buluu la mabowo 15 m'mizere itatu. Limafanana ndi serial koma ndi la sikirini. Mukakakamiza, mano apindika basi.

Nanga vuto lagona pati? USB inabwera mu 1996, ndipo pang'ono ndi pang'ono opanga makompyuta anasiya kuika madoko akale aja. Malaputopu ambiri a masiku ano alibiretu. Koma makina akale sakufa. Pulinta ya riboni ngati Epson LX-300 imamenya pepala ndi timisomali, ndiye lisiti limatuluka ndi makope ake a kaboni nthawi imodzi, ndipo riboni ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi inki. N'chifukwa chake amalonda amaikondabe.

Mankhwala ake ndi adaputala, kachingwe kokhala ndi USB mbali ina, doko lakale mbali inayo. Koma pali zoti mudziwe. Adaputala ya serial imafuna pulogalamu yake, yotchedwa driver, ndipo zachinyengo zambiri zimakana kugwira ntchito. Ya parallel imathandiza pulinta yokha, makina ena ayi. Kachiwiri, sikelo ndi kompyuta ziyenera kugwirizana liwiro. Ngati sikelo ikuyankhula pa 9600 pamene kompyuta mwaiika pa liwiro lina, pa sikirini pamangotuluka zilembo zopanda mutu, inu n'kumati makina ndi akufa pamene ali bwinobwino. Kachitatu, zingwe za serial zilipo ziwiri, chowongoka ndi chopingasa chimene amati null modem. Kunja n'zofanana, kusiyana kuli m'kati.

Tsono inu ogula, jambulani pafoni kuseri kwa kompyuta yanu musananyamuke, kapena itengeni. Werengani mano. Wogulitsa alumikize pomwepo, pepala lituluke muli kuona, sikelo iwonetse kulemera kwa thumba pa sikirini, ndiye mulipire. Polumikiza chingwe cha parallel zimitsani kaye makina onse awiri, ndipo mphenzi za dzinja zikayamba zulani mapulagi. Fumbi la kuchigwa nalo ndi mdani, phimbani madoko ndi nsalu.

Inunso ogulitsa a mumsika wa Limbe ndi Ndirande, mufunseni kasitomala kompyuta imene ali nayo kunyumba, mumugulitse ndi chingwe choyenera. Munthu wa kwa Katunga akapsa kamodzi sabweranso, ndipo nkhaniyo amaifalitsa minibasi yonse mpaka pa Dyeratu.