Kamwala mu nsapato ya malume

Chaka chatha malume anga anayenda tsiku lonse ndi kamwala mu nsapato osadziwa. Anazindikira madzulo povula, sokosi itanyowa ndi magazi. Iwowa akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri. Kabala kake kanali ngati njere ya chimanga, koma kanatenga miyezi kuti kapole, ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti tikanachedwa, chala chikanadulidwa.

Poti ndimaphunzitsa fizikisi, funso silinandichoke m'mutu: munthu angaponde bwanji mwala osaumva? Nanga bala lake limachedweranji kupola?

Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka, amaononga mitsempha yotumiza uthenga wa ululu ku ubongo. Imayamba kuonongeka ndi yaitali kwambiri, ija yofika ku zala zakuphazi, ndiye phazi limachita dzanzi.

Tsopano kumbukirani pressure ya m'kalasi ija: mphamvu kugawa ndi kukula kwa malo. Munthu wa makilogalamu 70 amakanikiza pansi ndi manyutoni pafupifupi 700. Akamwazika phazi lonse, palibe vuto. Koma gawo lake likagwera pa kamwala, khungu limafinyika kwambiri pamalo amodzi. Inu ndi ine timadumpha n'kuvula nsapato. Malume anangopitiriza ulendo, kupondabe pomwepo kambirimbiri mpaka khungu linaboola.

Chachiwiri ndi kayendedwe ka magazi. Dokotala wa ku France, Jean Poiseuille, anaonetsa m'zaka za m'ma 1840 kuti paipi ikachepa kukamwa ndi theka, madzi odutsamo amachepa ka 16, osati kawiri ayi. Shuga wambiri amathandiza kuti mitsempha ya magazi ichepe chonchi. Bala limafuna okosijeni ndi maselo oyera olimbana ndi tizilombo, ndipo zonsezi zimabwera ndi magazi.

Apa ndi pomwe mbale ya chakudya imalowera nkhaniyi. Nsima, mpunga, buledi ndi chinangwa zili ndi sitachi, yomwe thupi limaisandutsa shuga. Ufa woyera anauchotsa madeya, ndiye umagayika msanga m'mimba. Mgaiwa uli bwinoko, komatu nawonso ndi sitachi, choncho mitanda isachuluke. Njira yosavuta ndi iyi: theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani kapena mpiru. Theka linalo muligawe pawiri, mbali ina nyemba, usipa kapena mazira, mbali ina nsima. Zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masipuni atatu a shuga n'zoopsa chifukwa shuga wake ndi wosungunuka kale, amalowa m'magazi mwachangu. Thupi likamamanga khungu latsopano limafunanso mapulotini ndi vitamini C, yemwe ndi wambiri mu gwafa. Chakudya sichilowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala, ziwirizi zimayendera limodzi.

Ngati kwanu kuli agogo kapena makolo odwala shuga, pali ntchito yomwe mungaigwire. Aoneni kuphazi tsiku lililonse, ndi pakati pa zala pomwe. Kutumulani nsapato zawo asanavale. Asayende opanda nsapato, ngakhale pabwalo. Madzi osamba muziwayesa ndi chigongono, ndipo m'nyengo yozizira asayandikize mapazi ku mbaula, chifukwa atha kupsa osamva. Mukaona bala, thuza kapena kutupa, apite kuchipatala msanga, osadikira kuti ziyambe kupweteka, poti mwina sizipweteka n'komwe.

Malume zala zawo zilipo zonse khumi. Poyamba ankadandaula kuti tikuwapha ndi njala, mtanda umodzi si chakudya cha mwamuna. Lero masamba amaitanitsa okha, ndipo mdzukulu wawo wa Fomu 2 ndi amene amawaona kuphazi madzulo aliwonse asanayambe homuweki.