Namwino wa Kumudzi ndi Mphunzitsi wa Patali

Chaka ndi chaka masukulu a unamwino, monga a Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi College of Health Sciences, amatumiza ophunzira kukagwira ntchito ndi manja m'zipatala. Wophunzira akafika pa chipatala chaching'ono, chonga cha Chileka kwa Mfumu Kuntaja kapena cha Lirangwe pa mseu wa M1, womulandira si mphunzitsi wa kukoleji ayi, koma namwino wa pamalopo.

Namwino ameneyu ali kale ndi sikelo ya amayi, chipinda chochilira ndi mzere wa odwala pakhonde. Komabe ndiye woonetsa wophunzira kapezedwe ka mtsempha ndi kamvedwe ka mtima wa mwana m'mimba, ndiyenso wosaina kabuku kochitira umboni kuti wophunzirayo wakhoza. Kusaina kumeneku nkolemera, pakuti wosainiridwayo maŵa adzachiritsa amayi ali yekha usiku, chipatala cha Queen Elizabeth chili kutali. Nanga wophunzira akakhala wolephera, namwinoyo afunse nzeru kwa yani?

Apa ndipo pothandiza kukambirana moonana nkhope pa foni kapena pa kompyuta. Njirayi si yachilendo: m'chaka cha 2003 Dr Sanjeev Arora adayambitsa Project ECHO ku New Mexico, kuti akatswiri azilangiza ogwira ntchito m'zipatala zakutali za matenda a chiŵindi. Kuno ambiri adaizoloŵera mu 2020, masukulu atatsekedwa chifukwa cha Covid-19.

Kachitidwe kake nkosavuta. Pa tsiku lopangana, mphunzitsi ali ku Blantyre, anamwino a zipatala zingapo amaloŵa pa Zoom kapena WhatsApp. Mmodzi afotokoza vuto lenileni, mwina la wophunzira wolemba molakwa tchati cha mayi amene matenda ayamba, ndipo anzake anena mmene iwo adachitira. Kaŵirikaŵiri yankho labwino limachokera kwa namwino mnzake, osati kwa mphunzitsi. Dzina la wodwala silitchulidwa, nkhope yake sionetsedwa.

Zopinga zilipo. Magetsi amathima, netiweki imadukaduka, ndipo sichilungamo kuti bandulo ichoke m'thumba la namwino. Chovuta koposa ndi nthaŵi: pamene anamwino ali aŵiri okha, mmodzi akakhala pa msonkhano mnzake amasenza chipatala chonse. Choncho koleji yofuna njirayi iyenera kuyamba yagwirizana ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre za ola la msonkhano, ndi za amene atsale ndi odwala.