Ku East Rand, fayilo ya mlandu wako ilipo, koma siidzakulondola kunyumba

Amalawi ambiri okhala ku Tembisa, Daveyton, Katlehong ndi Vosloorus amadziwira kubanki kapena pa pepala la malipiro kuti khoti linawagamula kale. Wina amangoona ndalama zadulidwa mwezi ukatha. Wina amakanizidwa ngongole ya firiji m'sitolo, namuuza kuti dzina lake ndi lodetsedwa. Wina amadzidzimuka masherifu atafika ndi galimoto kudzalemba katundu. Onsewa funso lawo ndi limodzi: mlanduwo unazengedwa liti, kuti, ndipo anandisumira ndani?

Yankho lili m'fayilo. Vuto ndi kuipeza.

East Rand, komwe kuli madera amenewa ku South Africa, lero imatchedwa Ekurhuleni, ndipo si tauni imodzi. Ndi mzinda umene unapangidwa mu 2000 pophatikiza matauni akale a migodi ndi mafakitale monga Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs, Kempton Park, Alberton ndi Nigel, komwe agogo athu ena anakumbako golide m'masiku a Wenela. Makhoti a majisitireti nawo ndi omwazikana chimodzimodzi. Lilipo ku Germiston, lina ku Boksburg, ku Benoni, ku Kempton Park, ku Springs, ku Tembisa, ndiponso lalikulu la ku Palm Ridge. Lililonse limasunga mafayilo akeake ndipo limapereka manambala akeake, kotero nambala imodzimodziyo ingakhale ya mlandu wa lendi ku Benoni koma ya ngozi ya galimoto ku Boksburg. Munthu akalakwitsa khoti, wataya ndalama ya takisi ndi tsiku la ganyu.

Kukula kwa ndalama zomwe akukangana kumathandiza kulozera kolowera. Mu 2019 malire anaikidwa akuti nkhani zosapitirira R20,000 zikhoza kupita ku Small Claims Court, komwe maloya saimirira anthu. Khoti la majisitireti la m'dera limamva mpaka R200,000, la chigawo mpaka R400,000, ndipo zoposa apo ndi za High Court, ku Johannesburg kapena ku Pretoria. Madandaulo a kuchotsedwa ntchito sakhala m'makhoti amenewa. Amayambira ku CCMA, bungwe lomva mikangano ya pantchito, lomwe lili ndi ofesi ku Benoni. Chuma cha masiye nacho chili ndi khomo lake, kwa Master of the High Court.

Lamulo lenilenilo silivuta. Ndime 7 ya Magistrates' Courts Act ya 1944 imati zolembedwa za khoti ndi zotsegukira anthu onse, moyang'aniridwa ndi kalaliki wa khoti, pa nthawi yoyenera ndiponso polipira ndalama yoikika. Mu 2015 khoti la apilo la Supreme Court of Appeal, pa mkangano wa mzinda wa Cape Town ndi bungwe la misewu la SANRAL, linatsindika kuti zikalata zoperekedwa ku khoti ndi zoti aliyense aone pokhapokha patakhala chifukwa chomveka chozibisira. Zotsekedwa ndi monga za ana. Ndime 34 ya malamulo aakulu a South Africa imapereka ufulu wofika ku khoti kwa aliyense, osati nzika zokha. Ena amataya nthawi kulemba mafomu a lamulo lopempha zinsinsi za boma la PAIA, pomwe lamulolo silikhudza zolembedwa za milandu ya m'khoti. Njira ndi ya pa kauntala ya kalaliki, pa khomo lolembedwa kuti Civil.

Pa kauntalapo ndi pamene lamulo labwinoli limakumana ndi mzere wautali. Kalaliki amafuna nambala ya mlandu ndi chaka chake. Dzina lokha silikwanira, makamaka maina athu: Phiri, Banda ndi Mwale alipo ambirimbiri, ndipo wolemba wa kuno akhoza kulilemba dzina mwa Chizulu kapena kusinthanitsa loyamba ndi la bambo. Nambalayo imapezeka pamwamba pa chisamani, pa kalata ya sherifu, pa chikalata chimene abwana analandira chowalamula kudula malipiro, kapena pa lipoti la ngongole. Lipotili munthu ali ndi ufulu wolitenga ulere kamodzi pa chaka kwa makampani monga TransUnion, Experian ndi XDS, malinga ndi National Credit Act ya 2005, ndipo pamene pali chigamulo nthawi zambiri limatchula khoti ndi nambala yake.

Fayilo ikabwera, pepala loyamba kulifunafuna ndi limene sherifu analemba pofotokoza mmene anaperekera chisamani: tsiku liti, pa nyumba iti, m'manja mwa ndani. Apa ndi pamene Amalawi ambiri amagwera. Munthu anasaina ngongole akukhala m'kachipinda ka kuseri ku Tembisa, kenako anasamukira ku Daveyton, mwina anapitanso kumudzi ku Mangochi kapena ku Mzimba miyezi ingapo. Chisamani chinakasiyidwa pa adiresi yakale ija, masiku 10 oyankhira anatha, ndipo wosumayo anapambana popanda womutsutsa. Pepala la sherifu likasowa m'fayilo, loya wa wosumayo amayenera kukhala nalo.

Chigamulo chotere chikhoza kufafanizidwa, koma nthawi ndi yochepa. Malamulo a makhoti a majisitireti amapereka masiku 20 ogwira ntchito kuyambira tsiku limene munthu wadziwa za chigamulocho kuti apemphe khoti lichichotse, atafotokoza chifukwa chimene sanabwerere ndi mfundo zake zodzitetezera. Kuchedwa kumafuna kupepesa kwina kwapadera. Ndipo mlandu suwola: ngongole wamba imafa pakatha zaka 3 osaitsatira, koma yomwe khoti lagamula imakhala ndi mano zaka 30.

Kuti kuona fayilo n'kofunika, nkhani ya ku Stellenbosch inaonetsa poyera. Antchito osauka ankadulidwa malipiro ndi zikalata zodindidwa ndi akalaliki m'makhoti akutali ndi kwawo, komwe sakanatha kufikako. Woweruza Siraj Desai anadzudzula mchitidwewu mu 2015, ndipo mu 2016 Constitutional Court inagamula kuti chilolezo chodula malipiro chizichokera kwa majisitireti, osati kalaliki. Lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 linaika malire akuti zodulazo zisapitirire 25 peresenti ya malipiro. Wogwira ntchito m'fakitale ku Wadeville akapeza kuti chikalata chake chinadindidwa ku khoti la chigawo china, ali ndi poyambira. Koma sangadziwe asanachione.

Nanga intaneti? High Court ya ku Gauteng inayamba kusunga mafayilo a milandu pa intaneti kudzera pa CaseLines mu 2020, pa nthawi ya woweruza wamkulu Dunstan Mlambo, kenako kunabwera Court Online. Zigamulo zambiri za makhoti aakulu zimawerengeka ulere pa tsamba la pa intaneti la SAFLII. Izi zapeputsa ntchito ya maloya a ku Sandton. Mayi wogulitsa tomato ku Katlehong sizinamufike, chifukwa mlandu wake uli kwa majisitireti, komwe fayilo idakali ya mapepala ndipo zigamulo zake kawirikawiri siziikidwa pa SAFLII. Fayilo ikakhala yakale imatha kukhala kosungira, n'kuuzidwa kuti mubwerenso. Zoyankhulidwa m'khoti zimajambulidwa pa makina, ndipo kuzilembetsa pa pepala ndi kolipira padera. Chilungamo chapita pa kompyuta kuyambira kumwamba, pomwe ovutika ali pansi.

Chotchinga china ndi mantha. Amene mapepala ake okhalira m'dziko sali bwino amaona khomo la khoti ngati msampha, ndipo amalola kudulidwa ndalama zomwe mwina anamaliza kale kubweza. Komatu popeza fayilo ndi yotsegukira aliyense, m'bale kapena mnzake wa kutchalitchi kapena kumzikiti akhoza kukaiona ndi kutenga makope. Thandizo la Legal Aid South Africa pa milandu yotereyi lili ndi malire kwa amene si nzika, koma Wits Law Clinic ndi Lawyers for Human Rights ku Johannesburg ndi makomo ena oyenera kugogoda.

Mukapita, nyamulani chiphaso, nambala ya mlandu ndi kandalama ka makope, ndipo mupemphe kuti makopewo adindidwe. Ndalama iliyonse imene mwalipira, mulandire lisiti. Wina akakuimitsani pa geti n'kunena kuti akupezerani fayilo mwachangu mukamupatsa ya fanta, mpitirireni, mukafunse kwa woyang'anira khoti.