Duwa Looneka Ngati Moto

M'nyengo ya dzinja m'tchire mumaphuka duwa lofiira ndi lachikasu, looneka ngati malawi a moto. Odziwa za zomera alitcha Gloriosa. Limamera pa muzu wonga kambatata.

Wofuna kulibzala pakhomo akumbe muzuwo mosamala masamba atauma, pakuti ukathyoka nsonga suphukanso. Ausunge pouma, ndipo mvula ikayandikira aukwirire chogoneka m'dothi lamchenga pafupi ndi mpanda. Nsonga za masamba ake zimapindika ndi kugwira udzu, potero limakwera.

M'chilimwe tsinde limauma, koma muzu ukhala ndi moyo pansi, nuphukanso chaka ndi chaka.

Komatu ana achenjere: muzuwo uli ndi ululu wakupha munthu ngakhale mbuzi. Asaulawe konse, ndipo akaugwira asambe m'manja.