Zakudya za m'mapaketi za 'low carb': chikomekome cha mkuyu?

Kale kunenepa chidali chizindikiro cha mtendere pabanja. Mayi akakwatiwa n'kuyamba kudzaza chitenje, achibale ankati bambo akusamala. Bambo akatulutsa mimba, anzawo ankayamba kuwatcha bwana. Lero zinthu zatembenuka. Maanja ambiri achinyamata, makamaka m'tauni, akuuzidwa kuchipatala kuti thupi lalemera, magazi akuthamanga, shuga wayamba kukwera, choncho achepetse thupi.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno wa 2015-16 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali onenepa kupyola muyeso, ndipo m'tauni vutoli lidali lalikulu kuposa kumudzi.

Malangizo amene ambiri amalandira ndi akuti adzidya zakudya zachilengedwe, zochokera kumunda, kudimba, kukhola ndi kunyanja, zosadutsa m'fakitale. Koma munthu akangolowa m'sitolo zikuluzikulu za m'tauni, kapena akalandira katundu kuchokera kwa m'bale wa ku Joni, amakumana ndi mapaketi okongola olembedwa kuti low carb, keto, Banting kapena sugar free. Muli buledi, mabisiketi, maswiti ndi ufa wosungunula m'madzi, zonse zikulonjeza kuti mudya osanenepa.

Ndiye funso n'lakuti: kodi zimenezi zili ndi malo m'mbale ya munthu amene wasankha kuchepetsa thupi ndi zakudya zachilengedwe? Yankho lachidule n'lakuti malo ake ndi ochepa zedi. Si poizoni ayi, koma si mankhwala ochepetsa thupi, ndipo si zachilengedwe.

Zidayamba bwanji?

Mawu akuti low carb amatanthauza kudya kochepetsa zakudya za sitachi ndi shuga monga nsima, mpunga, buledi, mbatata, chinangwa ndi zotsekemera. Maganizowa si achilendo. Mu 1863, William Banting wa ku London, yemwe ntchito yake idali yokonza maliro, adalemba kabuku kofotokoza momwe adachepetsera thupi lake ndi makilogalamu pafupifupi 20 atasiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi n'kumadya nyama, nsomba, masamba ndi zipatso pang'ono.

Mu 1972 dokotala wa ku America, Robert Atkins, adatulutsa buku lolimbikitsa kadyedwe kotere. Pofika 2003 ndi 2004 nkhaniyi idali m'kamwam'kamwa ku America, ndipo makampani adadzaza masitolo ndi mapaketi a low carb. Chidwicho sichidakhalitse moti mu 2005 kampani ya Atkins Nutritionals idakadziwonetsa kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole. Ku South Africa, Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake adatulutsa buku la The Real Meal Revolution mu 2013, ndipo dzina la Banting lidadzukanso. Poti katundu wambiri wa m'masitolo athu amachokera komweko, mawuwa adatipeza kuno.

Koma taonani ichi: Banting uja sadadye za m'mapaketi. Adadya chakudya chophikidwa kunyumba. Mapaketi adabwera pambuyo, amalonda ataona kuti anthu akufuna kusiya buledi ndi mabisiketi koma mtima ukadali pomwepo.

Mu paketimo muli chiyani?

Bisiketi ikachotsedwa ufa wa tirigu ndi shuga, pamafunika china cholowa m'malo kuti igwirane komanso ikome. Nthawi zambiri amawonjezera mafuta, ufa wa mtedza wakunja wa almond kapena wa kokonati, mapuloteni opangidwa m'fakitale, mchere ndi zotsekemeretsa zina.

Apa ndiye pagona nkhani. Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa m'makalori, ndipo munthu amanenepa akamadya makalori ambiri kuposa amene thupi likugwiritsa ntchito. Galamu imodzi ya sitachi kapena shuga ili ndi makalori 4, pomwe galamu imodzi ya mafuta ili ndi 9. Magalamu 100 a ufa wa tirigu ali ndi makalori pafupifupi 360, koma a ufa wa almond amayandikira 600. Choncho bisiketi ya low carb ikhoza kukhala ndi makalori ofanana, mwinanso oposa, a bisiketi wamba. Munthu n'kumaliza paketi yonse pa tiyi mtima uli m'malo, akuganiza kuti akuchepetsa thupi.

Nkhani ina ndi ya zotsekemeretsa. Mukawerenga mawu monga maltitol, sorbitol kapena xylitol, dziwani kuti ndi zolowa m'malo mwa shuga zimene thupi siligaya zonse. Zikachuluka zimadzaza mpweya m'mimba, kupotokola ngakhale kutsegula kumene. N'chifukwa chake ku Ulaya lamulo limakakamiza kuti paketi imene ili ndi zinthuzi zochuluka ikhale ndi chenjezo. Komanso maltitol amakwezabe shuga wa m'magazi ngakhale kuti safika pa shuga weniweni. Pa zotsekemeretsa za mtundu wina monga aspartame, sucralose ndi stevia, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2023 kuti anthu asazidalire ngati njira yochepetsera thupi.

Palinso masamu ochenjera a net carbs. Opanga amatenga sitachi ndi shuga yense, n'kuchotsapo zotsekemeretsa zija ndi zokhakhala zonga gaga zimene amazilemba kuti fibre, kenako nambala yaing'ono yotsalayo n'kuilemba ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo. Ku America komwe mawuwa adatchukira, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA silidakhazikitse tanthauzo la net carbs, ngakhale la low carb limene. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musaiwale masoseji, poloni ndi nyama za m'zitini. Izi zilibe sitachi wambiri, motero ena amaziyesa zabwino. Koma zili ndi mchere wambiri, mdani wa odwala BP, ndipo mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa idaika nyama zokonzedwa chonchi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo.

Ofufuza adapezanji?

Pa kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2019, Kevin Hall ndi anzake a ku National Institutes of Health ku America adasunga anthu 20 pamalo amodzi kwa masabata anayi. Masabata awiri ankawapatsa zakudya zopangidwa kwambiri m'fakitale, awiri enawo zakudya zachilengedwe. Zakudya za mbali zonse adaziyeza kuti zifanane pa shuga, mafuta ndi zina, ndipo aliyense ankadya mmene wafunira. Pa zakudya za m'fakitale, anthuwo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku ndipo adanenepa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa zachilengedwe adatsika ndi pafupifupi kilogalamu imodzinso. China chimene chidaoneka n'chakuti za m'fakitale ankazidya mothamanga, poti ndi zofewa, sizifuna kutafuna kwambiri.

Chaka cha 2018, Christopher Gardner wa ku yunivesite ya Stanford adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 609 amene adawatsatira kwa chaka chathunthu. Theka lidachepetsa sitachi, theka lina lidachepetsa mafuta, koma onse adalangizidwa kudya masamba ambiri, kupewa shuga ndi ufa woyeretsedwa, komanso kuphika okha kunyumba. Ochepetsa sitachi adatsika ndi makilogalamu 6, ochepetsa mafuta ndi makilogalamu 5 ndi pang'ono. Kusiyana kwake kudali kosanunkha kanthu.

Phunziro lake n'loonekeratu. Kuchepetsa sitachi kumathandiza anthu ena, koma chachikulu ndi mtundu wa chakudya ndi kuchuluka kwake, osati mawu olembedwa kutsogolo kwa paketi. Komanso musapusitsidwe ndi sikelo sabata yoyamba. Munthu akasiya sitachi, thupi limagwiritsa ntchito shuga amene lidasunga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imapita ndi magalamu pafupifupi 3 a madzi. Zambiri zotsika poyambapo ndi madzi, si mafuta.

Tembenuzani paketi

Sikuti paketi iliyonse ndi yoipa. Mtedza wokazinga, chambiko, nsomba za m'chitini ndi masamba owuma zikhoza kukhala m'paketi koma n'kukhalabe pafupi ndi momwe zidalengedwera. Chofunika ndi kuwerenga kumbuyo, poti kutsogolo n'kwa otsatsa malonda.

Choyamba, onani mndandanda wa zimene asakaniza. Amayamba kulemba chimene chachuluka kwambiri, n'kumatsika. Ngati mndandandawo ndi wautali, wodzaza ndi mayina amene simungawapeze m'khitchini mwa mayi anu, chimenecho ndi chakudya cha m'fakitale basi, kaya alembapo zotani.

Chachiwiri, yerekezani makalori a pa magalamu 100 ndi a chinthu wamba cha mtundu womwewo. Ngati akufanana, ndalama yowonjezerayo mukulipiriranji?

Chachitatu, onani mchere. WHO imati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasipuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo.

Chachinayi, dzifunseni kuti paketiyo ikulowa m'malo mwa chiyani. Ngati muli paulendo ndipo ikulowa m'malo mwa mandazi ndi botolo la chakumwa chotsekemera, mwa apo ndi apo palibe mlandu. Koma ngati ikulowa m'malo mwa mazira owiritsa, nyemba kapena chipatso, mwagula mphika wobooka ndi ndalama zambiri.

Msika uli nazo kale

Zodabwitsa n'zakuti zakudya zopanda sitachi wambiri zili mbwee pamsika wapafupi ndi inu, zopanda chizindikiro chilichonse: bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, kholowa, therere, kabichi, mabiringanya, bowa, tomato, usipa, matemba, utaka, mazira, nkhuku, mapeyala ndi nsinjiro. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zili ndi sitachi ndithu, koma zimagayika pang'onopang'ono ndipo zimakhalitsa m'mimba. Ndalama ya paketi imodzi ya mabisiketi ochokera kunja ikhoza kugula ndiwo zodya banja lonse.

Nanga nsima tiisiye? Ayi. M'nyumba zambiri kusiya nsima ndi lamulo losapitirira mwezi. Chotheka ndi kuchepetsa. Amene amadya mitanda itatu atsike pa iwiri, kenako umodzi ndi theka kapena umodzi. Mgaiwa uposa ufa woyera poti gaga akadalimo, koma nawonso ukachuluka umanenepetsa. Pogawa chakudya, theka la mbale likhale masamba, mbali imodzi mwa zinayi ikhale nsomba, mazira, nyama kapena nyemba, ndipo mbali yotsalayo ndiyo ya nsima, mpunga kapena mbatata. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene azaumoyo amatiphunzitsa kusikelo ya ana aja akhalepo onse, chosintha ndi kukula kwa gawo lililonse.

Kawirikawiri adani enieni sali pa nsima mpang'ono pomwe. Ndi masipuni anayi a shuga mu tiyi, thobwa lothira shuga, zakumwa za m'mabotolo, chiwaya cha masana, mafuta osambira m'ndiwo ndi mowa wa Loweruka. WHO imati shuga wothira asapyole masipuni a tiyi pafupifupi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kutsika kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zina limakhala ndi masipuni 7 kapena 8. Mtedza ndi mapeyala nazo, ngakhale ndi zabwino, zili ndi mafuta ambiri. Kadzanja kamodzi ka mtedza n'kokwana.

Makolo samalani

Kafukufuku wa 2015-16 uja adapezanso kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu adali opinimbira. Choncho pamene mayi kapena bambo akuchepetsa thupi, mwana asalowe nawo m'gululo. Mwana akufunika phala lake la mgaiwa lothira nsinjiro, nsima, ndiwo ndi zipatso kuti akule. Maswiti ndi mabisiketi a sugar free si a ana, poti mimba zawo sizichedwa kutseguka. Mwana akaoneka wonenepa kwambiri, chotsani zakumwa zotsekemera ndi tokhwasula ta m'mapaketi, achoke pa TV akasewere panja, ndipo funsani malangizo kuchipatala.

Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asasiye zakudya zokhutitsa. Ino si nthawi yolimbana ndi sikelo. Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide asachepetse sitachi mwadzidzidzi osakambirana ndi dokotala, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka munthu kukomoka. Odwala impso nawo afunse kaye asadawonjezere zakudya za mapuloteni.

Mutu umodzi susenza denga

Kuchepetsa thupi kumavuta ngati mphika uli umodzi koma mitima ili iwiri. Bambo, si bwino kumanyoza mayi a kunyumba kuti anenepa pomwe inu mukubwera ndi chipisi ndi zakumwa madzulo alionse. Thupi la mayi amene wabereka limasintha, ndipo chitonzo sichidachepetsepo munthu. Mayi, inunso musamaone ngati kuchepetsa mtanda wa bambo ndi kuwamana. Khalani pansi, gwirizanani za ndalama ya chakudya, ndipo alendo kapena apongozi akafunsa, afotokozereni kuti ndi malangizo a kuchipatala, si umphawi kapena kuumira.

Yendani limodzi mofulumirako mphindi 30 patsiku, masiku asanu pasabata, kuti mukwanitse mphindi 150 zimene WHO imalimbikitsa. Tengani chingwe muyeze kutalika kwanu, muchipinde pakati, ndipo muone ngati chikuzungulira mimba pamwamba pang'ono pa mchombo. Chikakana, mafuta a pamimba achuluka. Kutsika ndi theka la kilogalamu pasabata n'kokwanira, ndipo munthu wa makilogalamu 90 akatsika ndi 5 mpaka 9 okha, shuga ndi BP zimayamba kumvera.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi uno, musadatole paketi ya low carb ija, itembenuzeni muwerenge kumbuyo, muone mtengo wake, kenako muwerengere kuti ndalama yomweyo ingagule milu ingati ya usipa ndi mipukutu ingati ya bonongwe.